Madzi Amene Ndinawiritsira Apongozi ku Joni

Anthu akamandifunsa za ku Joni amayembekeza kumva za mgodi, za miyala yogwera anthu ndi zikepe zotsikira pansi pa nthaka. Pepani, ine mgodi sindinaulowe. Ndinali wokolopa m'maofesi, ndipo chimene chinandipweteka kumeneko si mwala ayi, ndi ufa. Ufa wakuda wa makina a fotokope, wosadzaza n'kapu yomwe. Ufa umenewo unachotsetsa ntchito apongozi anga, ine ndili pambali pawo, chochita ndikuchidziwa bwinobwino.

Ndinapita selefu, osati pa kontalakiti. Amene anandiitana anali apongozi angawo, a Shaba, bambo a mkazi wanga NyaShaba. Kalata yawo inandipeza kwathu kuseri kwa Champhira, yonena kuti pamalo pamene ankagwira ntchito pakufunika wosesa wachiwiri. Nthawi imeneyo mwana wathu woyamba anali kumsana. NyaShaba anandiperekeza mpaka pa Jenda atandikazingira mtedza wa m'njira. Pasiteji anyamata a chipani anafuna kuona khadi, ndinawaonetsa, basi n'kutulukira. Mkazi wanga sanalire. Anangondigwira dzanja la malaya n'kunena kuti, "Mukawasamale adada, akula."

Za m'njira ndisakutayitseni nazo nthawi. Ndinafika.

Malo ake anali nyumba yosanja ya azungu oyeza malo ndi kujambula mapu. Ife antchito tinkagona pamwamba penipeni, m'tizipinda ta pafupi ndi mathanki a madzi, kumene mphepo ya mu Juni inkalowa ngati kwawo. Amalawi tinalipo atatu: a Shaba, ine, ndi Nyirongo wa ku Luwawa, amene kale ankadzala mitengo ya paini kwawoko koma kuno anali mesenjala wa panjinga. Nyirongo anali munthu wa pakamwa, wosatha kumeza nthabwala ngakhale pamaliro.

A Shaba anali atagwira pamalopo zaka zoposa makumi awiri. Makiyi a nyumba yonse ankalendewera pa lamba wawo, ndipo ankanyadira kuti chiyambire sanaswepo ngakhale kapu imodzi ya mzungu. Chimene ankafuna chinali chimodzi chokha, ndipo ankachinena pafupifupi Lamulungu lililonse tikamachapa padenga paja. "Makhirisimasi awiri okha, mbwenu ndikupita. Bwana adzandilembera kalata yotsanzika, ndikatsike basi pa Jenda ngati munthu wopuma pa ntchito, osati wothamangitsidwa." Muyenera kudziwa kuti kwa ife alendo ntchito, chipinda ndi chidindo cha pa chiphaso zinali chinthu chimodzi. Ukataya ntchito wataya zonse, ndipo m'masiku owerengeka uyenera kukhala uli m'sitima.

Tsono vuto linali pa mwambo. Kwathu mkweni, amene anzathu a pakati amati mkamwini, sadya m'mbale imodzi ndi apongozi, sawayang'ana m'maso, ndipo sawatsutsa zivute zitani. Mukakumana panjira umapatukira kutchire. Koma ku Joni tchire lili kuti? Tikalowa m'chikepe tonse awiri ine ndinkatembenukira kukhoma mpaka titafika. Azungu ankaona ngati ndikuopa chikepecho.

Amene anatipulumutsa anali Nyirongo. Tikhoza kukhala atatu m'chipinda chimodzi, a Shaba n'kunena kuti, "Nyirongo, muwauze a mkweni kuti mawindo a ofesi nambala folo ali ndi zala." Nyirongo, osatembenuka n'komwe, ankangoti, "Wamva?" Ine n'kuti, "Ndamva." Ndikaona kuti akuluwo aiwala kanthu ndinkanong'oneza Nyirongo, iye n'kukanena ngati nzeru zake, zinthu n'kuyenda.

"Inu awiri mudzandipha," ankatero Nyirongo. "Masana ndinyamule makalata a azungu, madzulo ndinyamule a apongozi ndi mkweni wawo. Kodi mwandiona ngati positi ofesi?"

A Shaba ankaseka mpaka kutsokomola. Anali munthu wabwino chomene, ndisaname. Ndi iwo anandiphunzitsa kugwira chikolopa kuti msana usathyoke, ndi kupukuta galasi ndi nyuzipepala. Lamulo lawo lalikulu linali la madzi otentha. "Litsiro limaopa moto," ankatero. Mafuta, polishi, tiyi wotayikira patebulo, inki ya zidindo, zonsezo ankazigonjetsa ndi ketulo, ndipo sindinaonepo zitawakanika.

Kenako kunabwera makina a fotokope, chimphona chodzaza theka la chipinda. A Shaba sanawakonde. Anati amanunkha ndipo amalira ngati ali ndi njala, choncho chipindacho anandisiyira ine. Makinawo ankadya ufa wakuda bii, wosalala kuposa ufa woyera wosefa kawiri, umene azungu ankautcha tona. Unkabwera m'mabotolo a pulasitiki. Lachinayi lililonse kunkabwera Msuthu wina wamfupi wokonza makinawo, ndipo tinkagwirizana poti ndinkamugwirira zipangizo.

Tsiku lina anandipeza ndikupukuta ufa umene unagwera pansi ndi sanza yonyowa ndi madzi ofunda. Anandilanda sanzayo ngati ndagwira njoka. M'Chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza chimene tinkamvanirana pa ntchito, anati, "Iwe Mnyasa, bwera uone." Anatsina kaufa n'kukaika papepala, n'kuuzira, konse n'kuuluka pepala n'kutsala loyera. Anatsinanso kena, n'kugunditsa pepalalo pa ketulo yotentha. Abale inu, kaufa kaja kanasungunuka n'kumata ngati phula la pamsewu. Ndinakanda ndi chikhadabo, osachoka.

"Makinawa amamatira ufa papepala ndi moto," anatero. "Ukatayika, choyamba manga kansalu pamphuno, usaupume. Usausese ndi tsache, usaupope ndi makina a fumbi. Uole ndi katoni uli wouma, pang'onopang'ono. Wotsala uzidinda ndi nsalu youma, osatikita. Pomaliza madzi ozizira okha. Ukaika otentha, wakwatitsa ufa ndi nsaluyo, ndipo ukwati umenewo suthetsedwa."

Ndinamva, ndinasunga. Ndinati ndimuuza Nyirongo kuti akawauze akuluwo, koma ndinazengereza. Mumtima ndinkati chipinda cha makina n'changa, iwo salowamo, adzaugwira liti ufawo? Kulakwa kwanga koyamba kunali kumeneko.

Patapita miyezi anabwera anthu openta makoma, ndipo makina aja anawakankhira m'chipinda cha misonkhano. M'menemo munali mutangoyalidwa kapeti yatsopano, yoyera ngati mkaka, imene bwana wamkulu anaitanitsa kutali chifukwa cha alendo amene ankayembekezera. Ife tinkavula nsapato polowamo.

Linali Lachiwiri m'mawa, dzuwa litakwera. Nyirongo anali atatumidwa kutsidya la tauni ndi mapu. Ndinangomva dona wina wotayipa makalata akukuwa, "Shaba! Shaba!" Tinathamanga tonse awiri. Dona uja anafuna kuthira yekha ufa m'makina, botolo n'kumupulumuka. Pakapeti panali kamulu kakuda, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo, kouma. Makalaliki anali atasonkhana pakhomo.

Ine ndinang'amba katoni, n'kumanga kampango pamphuno, n'kugwada. Ndinaola pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira Msuthu uja, ndipo wambiri unachoka. Panatsala mthunzi wotuwa wolowa mu ubweya wa kapeti. Mtima unayamba kukhala pansi. Ndinati ndikatenge nsalu youma, pamenepo ndi pamene a Shaba anayankhula. Poti Nyirongo panalibe, anayankhula kuyang'ana khoma.

"Wina akawiritse madzi."

Ndinati, "Dada."

"Mwati?"

Azungu onse aja maso ali pa ife. Mawu ndinali nawo, anayi okha: madzi otentha aononga kapeti. Anafika pakhosi n'kuima. Ndiwauze apongozi anga, munthu wa imvi amene anandipatsa mwana wake ndi kundipezera ntchito, kuti sakudziwa ntchito yawo, pamaso pa azungu? Chibadwire sindinamvepo mkweni atachita zimenezo. Ndinayesa kuzungulira.

"Dada, wa makina uja amabwera Lachinayi."

"Kapeti ya bwana igone ndi litsiro mpaka Lachinayi ine ndili moyo?" Anatero akuyang'anabe khoma. "Wina akawiritse madzi."

Ndinapita kukhitchini. Ndinaika ketulo, n'kusuzumira pawindo pansi pamsewu kufuna njinga ya Nyirongo. Magalimoto okhaokha. Ndinapemphera, ine amene kutchalitchi ndinkapita mwa apo ndi apo, kuti Mulungu amubweze Nyirongo ngakhale ndi tayala lophulika. Madzi atayamba kulira ndinathira pang'ono mundowa, n'kudzazamo a pampopi. Ndinati mwina sazindikira.

Nditafika nayo ndowayo, a Shaba anaviika chala n'kuchitulutsa. "Awa ndi osambitsira khanda. Wina akawiritsenso, abwere ndi ketulo yomwe."

Ndinabwerera. Ndinaganiza zodzigwetsa pamasitepe, ndinaganiza zozimitsa magetsi, ndinaganiza zothawira padenga. Zonsezo zikanangochedwetsa, chifukwa akanapita okha kukawiritsa. Chimene chikanathandiza chinali kutsegula pakamwa basi, ndipo chimenecho ndi chimene sindikanatha. Ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu mpaka ketulo inawira. Ndinainyamula, ndinalowa nayo, ndinagwada, n'kuwapatsira ndi manja awiri monga mwa ulemu wake.

"Yewo," anatero pothokoza.

Anathira, n'kuyamba kutikita ndi bulashi. Poyamba panangotuluka nthunzi. Kenako mthunzi wotuwa uja unada bii, n'kuyamba kufalikira kulikonse kumene bulashi inkapita. Anathiranso, n'kutikita mwamphamvu. Pamene panali ngati mbale panakhala ngati lichero. Ubweya wa kapeti unagwirana n'kuuma gwa, bulashi inada, manja awo anada. Anapaka sopo, osatheka. Anayesa ndi mpeni, osatheka. Ndinawaona akuima kutikita, atagwada pamadzi akudawo, akuyang'ana manja awo.

"Chinthu ichi n'chotani?" Anafunsa motsitsa, ndipo sankafunsa munthu aliyense.

Ine ndinali nditagwirabe chivundikiro cha ketulo. Ndikanakonda pansi pakanang'ambika.

Bwana wamkulu atafika sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anayang'ana kapeti nthawi yaitali. Dona uja anafulumira kunena kuti iye anangotaya kaufa kouma, kamene kakanachoka. Sananame. Pamenepo pakamwa panga panatseguka, mochedwa ngati mvula ya mu Epulo. Ndinati, "Bwana, madziwo ndabweretsa ndine."

A Shaba anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo. "Khalani chete, a mkweni." Kenako kwa bwana, m'Chingerezi chawo chothyokathyoka, anati mwanayu ndinachita kumutuma, mlandu ndi wanga. Bwana anagwedeza mutu, n'kunena kuti Shaba wakalamba, zinthu za masiku ano zamupitirira. Anati Lachisanu apereke makiyi.

Nyirongo anafika masana zonse zitatha. Nditamufotokozera pamasitepe a kudenga anandigwira pakhosi pa ovololo.

"Iwe unkadziwa? Ndiye pakamwapa anakupatsa Mulungu kuti uzingodyera? Chitsiru cha munthu!"

"Ukanakhala iwe ukanatani? Apongozi ako, azungu ali pakhomo?"

Anandisiya. Anakhala pansi pasitepe, n'kuvula chipewa. Patapita nthawi anati, "Ndikanawiritsa." Tsiku limenelo Nyirongo sananene nthabwala ina iliyonse.

M'mawa mwake tinapita awiri kukapepesa kwa bwana, a Shaba osadziwa. Nyirongo ndiye ankatha Chingerezi. Anatchula zaka zonse zija, anatchula makapu osasweka, anapempha kuti ngakhale kalata yokha yotsanzika awalembere. Bwana anati alibe nthawi, alendo akubwera ndipo kapeti ina sipezeka msanga. Tinatuluka manja ali kumsana.

Lachinayi Msuthu uja anabwera, a Shaba ali padenga kulongedza. Ataona kapeti anagwira mutu. "Iwe Mnyasa! Si iwe ndinakuonetsa ndi pepala?" Bwana anali pafupi ndipo anamva. Mukuganiza kuti anandithamangitsa? Ayi. Iye chimene anatolapo n'chakuti pali wantchito amene amadziwa za makina. Lachisanu makiyi aja anachoka pa lamba wa apongozi anga n'kubwera pa lamba wanga. Koma abale, dziko ili!

Tinawaperekeza kusiteshoni Lamulungu masana. Katundu wawo anali sutikesi imodzi ndi bulangete. Sanadandaule, sananditchule. Sitima itatsala pang'ono kunyamuka anasuzumira pawindo n'kuitana Nyirongo.

"Muwauze a mkweni kuti loko ya nambala sikisi imavuta. Azikweza chitseko pang'ono ndi bondo, kenako n'kupotoza."

Nyirongo sananene kuti "Wamva?" Ine ndinayankha ndekha kuti ndamva, koma sitima inali itayamba kale kuyenda.

Ndinakhala ku Joni zaka zambiri kuposa zimene ndinalonjeza. Ndinatumiza mabulangete, makina osokera, ndi malata a nyumba, koma ine mwini sindinkapita. Kwathu anayamba kunditcha mtchona. Ena ankati ndakwatira Mzulu. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa khonde limodzi lokha la ku Champhira, la apongozi anga.

Makalata a NyaShaba ndi amene ankandipweteka koposa. Analemba kuti adada anafika opanda phwando, anatsika basi ndi sutikesi imodzi, ndipo anthu atafunsa kalata imene ankaitchula m'makalata awo onse, iwo anangoti nkhani yake ndi yaitali. Anthu a m'mudzi sasiya malo opanda nkhani. Inamveka yakuti anawachotsa chifukwa cha kuba. Munthu amene sanatengepo ngakhale supuni ya shuga! Analemba kuti anasiya kupita kumilandu ndi kumaukwati, ndipo kutchalitchi ankakhala kumbuyo. Pansi pa kalata iliyonse NyaShaba ankafunsa kuti, "Kodi kunachitika chiyani? Iwo sanena." Ine ndinkayankha za mvula ndi za sukulu ya mwana.

Ufa uja unatayikanso katatu pa zaka zimenezo, kamodzi pa kapeti yatsopano yomwe. Katatu konse ndinauchotsa osasiya ngakhale kadontho, ndi katoni, nsalu youma ndi madzi a pampopi. Azungu ankandiyamikira. Ine ndinkakwera padenga n'kukhala kuseri kwa thanki mpaka mtima utatsika.

Nyirongo ndi amene anandibweza. Chifuwa chitayamba kumuvuta anaganiza zopita kwawo ku Luwawa, ndipo anandiuza kuti, "Ndikachoka ine utsala ndi ndani? Tiye. Akuluwo sadzakudikira mpaka kalekale." Tinakwera sitima imodzi.

Pa Jenda ndinapeza masitolo atachuluka, anthu ondidziwa atachepa. Mwana amene ndinamusiya kumsana anali akuweta ng'ombe, ndipo atandiona anathamangira kwa mayi ake kukanena kuti kwabwera alendo. NyaShaba anandilandira bwino, koma ankandiyankha ngati mmene amayankhira munthu wa boma. Sindinamuimbe mlandu.

Tsiku lachitatu tinapita kwa apongozi. Ndinawatengera jekete ndi bulangete. Ndinawapeza pakhonde, pampando wa ndalema, ataonda mpaka kolala ya malaya ikuchita kuzungulira khosi. Ndinakhala pansi chapatali, chammbali, n'kuomba m'manja. Moni unadutsa mwa NyaShaba monga mwa mwambo. Atatha kufunsa za ulendo ndi za Nyirongo, anauza mwana wawo kuti apite akathandize amayi ake kuseri. Tinatsala awiri.

"Senderani, a mkweni. Lero palibe wotinyamulira mawu."

Ndinasendera pang'ono.

"Inu mwakhala nawo makina aja zaka zambiri. Ine chinthu chija sichinandichoke m'mutu. Ndimachiganiza polima, ndimachiganiza podya. Ufa uja amachotsa ndi chiyani?"

"Amaola uli wouma, Dada. Wotsala amadinda ndi nsalu. Pomaliza madzi ozizira."

"Ozizira?"

"Ozizira, Dada. A pampopi."

Anasisita bondo. Kenako anaseka kaphwete kopanda mawu. "A pampopi. Ndiye ine ndinakubwezani kuti mukawiritsenso." Anapukusa mutu. "Munadziwa liti zimenezi?"

Bodza linali pafupi. Ndikanangoti mutachoka kale, nkhani n'kuthera pomwepo, iwo n'kudzamwalira ndi mtendere. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma silinatuluke. Choonadinso sichinatuluke. Ndinangoyang'ana pansi, misozi ikugwera pafumbi, bambo wamkulu ndi ndevu zanga.

Anandiyang'ana mpaka anamvetsa. Ndinamva mpando ukulira pamene anatsamira kumbuyo.

"Mbwenu," anatero. "Munaleredwa bwino, a mkweni. M'dziko muno mulibe munthu amene anandipatsa ulemu ngati inu." Anapuma kaye. "Koma ndapota, mukanandichita chipongwe tsiku limodzi lokhalo."

Ndinafunafuna choyankha m'Chitumbuka, m'Chichewa, ngakhale m'Chilapalapa, osachipeza. Ndinaomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Yewo, Dada." Panalibe china chimene ndinaphunzitsidwa kunena.